Pa tala ndimamaliza makilomita 21, koma kumtsinje ndikuthera pa 15. Chavuta n'chiyani?

Mbandakucha:
Moni nonse a m'gulu muno. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere, mwina ena inakuchitikiranipo. Ndakhala ndikuthamanga kwa zaka ziwiri tsopano, osati zampikisano ayi, kungofuna kuti thupi lizimasuka komanso mutu uzipumako ku za kuntchito. Pamsewu wa tala ndimatha makilomita 21 m'maola awiri ndi mphindi 5, kufika kunyumba n'kusamba, n'kupitiriza zina ngati palibe chachitika. Miyezi iwiri yapitayi ndinatopa nazo galimoto ndi utsi, ndiye ndinasamukira kukanjira ka m'mbali mwa mtsinje. Ndi kanjira kadothi kodutsa m'mitengo, pena mchenga, pena mizu, ndipo pali timilatho tiwiri tamatabwa. Kukongola kokha ndiye musanene. Koma Loweruka katatu konse ndayesa makilomita 18, kupita 9 kubwerera 9, ndipo katatu konse ndathera pa 15. Miyendo imangoti gwa ngati si yanga, mutu n'kumalemera, malaya ali chonyowa ngati ndagwera m'madzi momwemo. Makilomita atatu otsalawo ndimayenda wapansi ngati nkhuku yonyowa. Liwiro ndi lomwe lija la pa tala, mphindi 5 ndi masekondi 55 (5:55) pa kilomita, wotchi ndiyo mboni yanga. Kodi ndakalamba mwadzidzidzi, kapena pali chimene sindikuchidziwa?

Wotchi Siinama:
Achimwene, chimenecho ndi chija azimarathoni amachitcha khoma. Shuga watha m'thupi basi. Tengani ma gel awiri, timapaketi ta shuga wamadzimadzi ta othamanga, wina pa kilomita ya 7 wina pa 13, nkhani yatha.

Namwino wa 21K:
A Wotchi, ndikutsutsaniko pang'ono. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi, glycogen uja, amakhala pafupifupi magalamu 500 mwa munthu wamkulu amene akudya bwino, ndiye kuti mphamvu yokwana ma calorie pafupifupi 2,000. Pothamanga, munthu amawononga pafupifupi calorie imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita iliyonse. Munthu wa makilogalamu 70 akamafika pa 15 wangowononga kupitirira pang'ono 1,000, ndipo gawo lina la zimenezo lachokera kumafuta. N'chifukwa chake khoma limakonda kugwira anthu cha m'ma 30 pa marathoni ya makilomita 42.195. Komanso taganizani, achimwenewa pa tala akumafika 21 osadya kanthu. Shuga yemweyo angathe bwanji pa 15 chifukwa choti pali mtsinje pambali? A Mbandakucha, tiuzeni kaye: mumanyamuka nthawi yanji, mumadya chiyani usiku wake, nanga mumamwa madzi ochuluka bwanji?

Mbandakucha:
Zikomo achemwali. Ndimalemera 72. Usiku ndimadya bwinobwino, m'mawa tiyi ndi nthochi imodzi. Pa tala ndimanyamuka 5 koloko chifukwa pali magetsi a mumsewu, koma kumtsinje ndimadikira kuti kuyere kaye, ndiye ndimayamba cha m'ma 6:45, pena 7. Madzi ndimatenga kabotolo ka theka la lita.

Madala a M'mapiri:
Mwana wanga, funso limodzi lokha. Ukamanyamuka, madzi a mtsinjewo amayenda nawe limodzi kapena amakumana nawe?

Mbandakucha:
Amayenda nane limodzi madala. Ndimayambira kumtunda, pamlatho waukulu, n'kumatsikira kumunsi.

Madala a M'mapiri:
Ehee. Ndiye wadziyankha wekha. Madzi sakwera phiri. Ukamatsata mtsinje kulowera kumunsi ndiye kuti ukutsetsereka, ngakhale maso akuuze kuti njira ndi yathyathyathya. Chitsetse chake n'chobisika, mwina mamita asanu kapena khumi pa kilomita, koma miyendo imachimva ndipo imakondwa. Umathamanga mopepuka, kamphepo kakuzizira, dzuwa lisanakwere, n'kumadziona ngati ngwazi. Ukatembenuka pa 9 paja zonse zimatembenuka nawe. Tsopano ukukwera, watopa kale, ndipo dzuwa lafika pamutu. Wasankha kuchita chovuta pomaliza. Tatsegula wotchi yakoyo pamene imaonetsa kukwera ndi kutsika kwa malo, utiuze zimene uone.

Ine ndathamanga zaka zoposa 30, ndipo chimene ndimauza achinyamata n'chakuti tala ndi dothi si pachibale. Pa tala phazi likaponda, msewu umalibwezera. Pamchenga phazi limalowa, mphamvu n'kuthera momwemo. Pamizu suponya mwendo momwe ukufunira, umafupikitsa apa, kudumpha apo, akakolo ndi chiuno zikugwira ntchito yokuchirikiza imene pa tala sizigwira. Iwe ukukakamiza 5:55 ya pa tala pamalo amene safuna 5:55. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma iwe mchengawo ukuuyamba ngati kulibe.

Mbandakucha:
Madala, ndaona. Popita ndatsika mamita 74, pobwera ndakwera omwewo. Ine chikhalire ndimati njira imeneyi ndi yosalala ngati tebulo. Manyazi andigwira.

Wotchi Siinama:
Mamita 74 pa makilomita 9 ndi chiyani abale? Chimenecho si chitunda, ndi nthabwala. Anthu amathamanga mpikisano wa Comrades ku South Africa, makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, mapiri okhaokha, ndipo amamaliza maola 12 asanakwane. Ife tizidandaula ndi mamita 74?

Madala a M'mapiri:
Ndipo a Comrades omwewo, mpikisano umene unayamba mu 1921, ambiri mwa iwo zitunda zikuluzikulu amayenda, sachita nazo manyazi. Sindinati mamita 74 okha ndiwo amupha mnyamatayu. Ndati chitsetse chimamunamiza kuti ali bwino, kenako chitunda, dzuwa ndi mchenga zimamupeza pamodzi.

Kamba wa Liwiro:
Pa za mchengazi pali kafukufuku ndithu. Akatswiri ena a ku Belgium anayeza m'chaka cha 1998 ndipo anapeza kuti kuthamanga pamchenga wouma kumadya mphamvu kuchulukitsa ka 1.6 poyerekeza ndi pamalo olimba. Zoona, njira yonse si mchenga, koma ngati pali mamita 300 apa, 500 apo, ndipo inu simukubweza liwiro, ndiye kuti mukuchita ma sprint, kuthamanga ndi mphamvu zonse, osadziwa. Chinanso, a Wotchi, dzina lanulo ndi labwino koma pansi pa mitengo wotchi imanama. GPS, imene wotchi imayezera mtunda, imafuna kuona kumwamba. Masamba akachuluka, kanjira n'kumakhotakhota motsata mtsinje, imadula makona, ndiye nthawi zambiri imawerenga mtunda wochepa kuposa umene mwathamangadi. Wotchi ikati mukuchedwa inu mumawonjezera moto, chonsecho simumachedwa. Ine ndinayesapo ndi mnzanga, mawotchi awiri njira imodzi, tinasiyana pafupifupi theka la kilomita pa 12.

Wotchi Siinama:
Yanu ndi yotchipa basi.

Kamba wa Liwiro:
Yotchipayo ndi imene inawerenga zambiri, aise.

Namwino wa 21K:
Ndibwerere ku nthawi yonyamukira ija, chifukwa kwa ine mpamene pagona nkhani. Anthu ambiri amaganiza kuti m'mbali mwa mtsinje n'kozizira, ndipo pakhungu pamamvekadi choncho. Koma chimene chimaziziritsa thupi si kutuluka kwa thukuta, ndi kuuma kwake. Thukuta likauma pakhungu limachoka ndi kutentha. Pamene mpweya uli ndi chinyezi chambiri, monga m'chigwa cha mtsinje m'mawa, mitengo itatchinga mphepo, thukuta siliuma, limangoyenderera mpaka m'sokosi. Mwataya madzi koma simunazizire. Thupi limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti lichotse kutentha, mtima n'kumagunda mofulumira pa liwiro lomwelo, ndipo miyendo imalandira zochepa. Malaya onyowa amene mwanena aja ndi chizindikiro chake.

Chitani izi Loweruka likubwerali. Dzikwezeni pasikelo musananyamuke, mutavula, mutapita kale kuchimbudzi. Mukabwerako pukutani thukuta, dzikwezeninso. Kilogalamu imodzi yosowa ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi, muwonjezerepo amene munamwa panjira. Anthu amasiyana kwambiri, wina theka la lita pa ola, wina malita awiri. Mukapeza kuti mwatsika kupitirira 2 peresenti ya kulemera kwanu, kwa inu ndi pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndiye kuti kabotolo kanu kaja kakuchepa.

Mayi wa Atatu:
Ndiye angomwa ambirimbiri basi. Ine ndisananyamuke ndimagugudiza malita awiri, ndipo panjira paliponse pamene ndapeza madzi ndimamwa, ludzu lilipo kapena palibe.

Namwino wa 21K:
Mayi, chonde chepetsani, ndikunena mwachikondi. Kumwa mopyola kulinso ndi ngozi yake, ndipo imeneyo imatha kupha msanga kuposa ludzu. Madzi akachuluka mchere wa m'magazi umasungunuka, sodium n'kutsika pansi pa 135, ndiwo matenda otchedwa hyponatremia. Munthu amamva nseru, mutu, kusokonezeka, zala kutupa, zikafika poipa ubongo umatupa. Tim Noakes wa ku Cape Town analemba za vutoli mwa othamanga m'chaka cha 1985. Pa Boston Marathon ya 2002 anayeza magazi a othamanga 488 atamaliza, ndipo 13 pa 100 alionse anali nalo. Amene anapezeka nalo kwambiri ndi amene analemera kuposa mmene anayambira, komanso amene anatenga maola oposa anayi. Kunena kwina, ndi ifeyo othamanga mosangalala, amene timakhala panjira nthawi yaitali tikungomwa. Imwani mukamva ludzu, pang'onopang'ono. Mukabwerako sikelo itakwera, mwamwa mopitiriza.

Mayi wa Atatu:
Ha! Ndiye zala zanga zija zimatupa mpaka mphete kukana kutuluka, ine kumati ndi kuzizira. Zikomo achemwali, wakutsina khutu ndi mnansi.

Chidendene Chowawa:
Pepani ndilowetse yanga pomwepa popeza ndi ya kumtsinje komweko. Ine mpweya ulipo, koma bondo lakumanzere, chakunja kwake, limayamba kubaya ndikafika pa 10. Pa tala silinkatero.

Madala a M'mapiri:
Kanjira kako n'kopendekera kumadzi?

Chidendene Chowawa:
Eya, malo ambiri. Ndipo ine ndimawoloka mlatho n'kubwerera tsidya linalo, kuti ndizungulire.

Madala a M'mapiri:
Ndiye taganiza bwino. Ukapita tsidya lino madzi ali kumanzere kwako, ukawoloka n'kubwerera tsidya linalo madzi alinso kumanzere. Mwendo wakumanzere ndi umene uli mmunsi ulendo wonse, chiuno chitapendekeka kwa ola lathunthu. Mtsempha uja wotsika kunja kwa ntchafu mpaka pabondo ndi umene umalipira. Sabata ino zungulira chonchi, sabata yamawa zungulira mobwerera, kapena pita n'kubwerera tsidya limodzi kuti miyendo igawane. Ndipo limbitsa minofu ya m'matako ndi m'chiuno, kawiri pa sabata, ngakhale mphindi 15. Likapitiriza kubaya ngakhale poyenda, kapena likatupa, siya kaye ukaonane ndi a chipatala. Ine ndinakakamira bondo chaka china, ndinakhala miyezi inayi ndikungoonera anzanga pawindo.

Mayi wa Atatu:
Popeza tafika pa zovulala, ndikuuzeni yanga ya chaka chatha kuti museke. Kunagwa mvula usiku, m'mawa kutacha bwino, ine ndi mahedifoni m'makutu nyimbo ili pamwamba. Ndafika pakamlatho kamatabwa, matabwa ake obiriwira ndi ndere, ine osabweza liwiro. Phazi loyamba linagwira, lachiwiri linangoti tsee, ndinapezeka ndili chagada, mwendo umodzi uli lende pamwamba pa madzi, botolo likuyandama kupita kwawo. Chigongono chinasupuka, foni galasi mbee ming'alu yokhayokha. Chimene chinandiwawa kwambiri si chigongono, koma bambo wina amene ankawedza chapafupi anati anandikuwira kawiri kuti matabwawo ndi oterera, ine osamva chifukwa cha nyimbo. Kuyambira tsiku limenelo kumtsinje ndimapita makutu ali pululu. Ndipo ndinazindikira kuti ndinkadzimana zambiri. Phokoso la madzi pamiyala, mbalame m'bango, ngakhale njinga ikamabwera kumbuyo umaimva. Pamatabwa onyowa ndimayenda, anthu aziseka.

Kamba wa Liwiro:
Pepani mayi, koma botolo lopita kwawolo landipha. Pa mitsinje ya mvulayi ndiwonjezere: madzi othamanga ofika masentimita 15 okha, kungopitirira pang'ono mu akakolo, amatha kugwetsa munthu wamkulu. Ndipo mtsinje umatha kudzaza kuno kuli dzuwa, chifukwa mvula yagwa kumtunda. Mukapeza kanjira kamizidwa, madzi ali ofiira akuthamanga, bwererani. Makilomita adzakhalapo mawa.

Wotchi Siinama:
Ine ndikatenthedwa ndimangovula nsapato n'kudziponya mumtsinjemo, mphindi zisanu, kutuluka ndili watsopano. Pena ndimamwako pang'ono pamene madzi akuoneka oyera. Sindinadwalepo.

Namwino wa 21K:
A Wotchi, lero mwandikonzera ntchito. Kuyera kwa madzi sikutanthauza kanthu, tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba sitioneka ndi maso, ndipo simudziwa chimene chili kumtunda, kaya khola, kaya chimbudzi, kaya nyama yakufa. Zosambazo zimatengera dera. Kumadera otentha kumene kuli likodzo, tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, makamaka malo odekha a m'mbali muli udzu ndi bango, ndipo timalowa pakhungu labwinobwino lopanda bala. Zizindikiro zimatha kubwera patapita milungu, ndiye "sindinadwalepo" wanuyo musamudalire. Mankhwala ake alipo, praziquantel, koma kuli bwino kukayezetsa. Palinso leptospirosis, yochokera mumkodzo wa makoswe ndi ziweto, imene imalowera pa zilonda, m'maso ndi m'kamwa, makamaka madzi akasefukira. Pa mpikisano wa Eco-Challenge ku Borneo m'chaka cha 2000 ochita nawo ambiri anadwala matendawa atasambira mumtsinje. Wothamanga amakhala ndi matuza ophulika ndi timabala ta minga, zitseko zotsegula kale. Ngati mukufuna kuzizira, dzithireni kumutu ndi m'khosi madzi a m'botolo lanu. Ndipo kumene kuli ng'ona sindikuyenera n'komwe kunena.

Wotchi Siinama:
Chabwino anamwino, zakumwazo ndasiya. Zosambazo tikambirana.

Woyang'anira Gulu:
Abale, nkhani ndi yokoma koma tisamutaye mwini funso. A Mbandakucha akufuna kudziwa chochita Loweruka.

Madala a M'mapiri:
Chochita n'chochepa. Yambira kumunsi, ukwere ndi mtsinje miyendo ikadali yatsopano, kuti pobwera madzi akuperekeze. Ngati galimoto kapena nyumba ili kumtunda ndipo sungasinthe, ndiye popita dzigwire, uchedwe dala ndi masekondi 40 kapena 50 pa kilomita. Wotchiyo itembenuzire mkati mwa dzanja kapena uyiike poonetsa nthawi yokha. Muyeso wako ukhale pakamwa: ngati sungathe kunena chiganizo chathunthu osadukiza ndi wefuwefu, wathamanga kwambiri. Ukakhala wekha, dziyankhulire, mbalame sizikuseka. Ndipo kumtsinje usamawerenge makilomita, uziwerenga nthawi. Nena kuti lero ndi maola awiri, mtunda ubwere wokha.

Wotchi Siinama:
Koma madala, kuthamanga pang'onopang'ono kumaphunzitsa thupi ulesi. Ukafuna liwiro uyenera kuthamanga ndi liwiro.

Kamba wa Liwiro:
Ayi aise. Stephen Seiler, amene wafufuza kwambiri mmene akatswiri a mitunda italiitali amakonzekerera, anapeza kuti pafupifupi 80 peresenti ya maulendo awo ndi ofatsa, 20 yokha ndiyo yamoto. Liwiro lili ndi tsiku lake, mtunda wautali uli ndi lake. Ndipo za kuyamba modzigwirazi, taonani katswiri wa ku Kenya Kelvin Kiptum ku Chicago mu 2023. Anamaliza marathoni mu 2:00:35, theka loyamba mphindi 60:48, lachiwiri 59:47. Munthu wothamanga kilomita iliyonse pansi pa mphindi zitatu anasunga kena kake ka pobwerera. Ife a mphindi 6 ndiye tikhuthule zonse popita?

Mayi wa Atatu:
Ine ndimathamanga mphindi 9 n'kuyenda imodzi, kuyambira pachiyambi pomwe, osadikira kutopa. Ndi njira ija anaitchukitsa Jeff Galloway, amenenso anathamangapo pa Olympics ya 1972, ndiye si ya anthu aulesi. Mphindi yoyendayo ndi imene ndimamwa madzi ndi kudya kanthochi. Anzanga amandisiya poyamba, koma ambiri ndimawapeza cha ku 14 atagwira m'chiuno.

Namwino wa 21K:
Ndipo kuti a Wotchi asapite manja ali m'thumba, pa zakudya ananena zoona pang'ono. Ulendo ukapitirira ola ndi theka, kudyako magalamu 30 mpaka 60 a zopatsa mphamvu pa ola kumathandiza. Nthochi yapakatikati ili ndi pafupifupi 25. Si chimene chikukugwetsani pa 15, koma popeza tsopano mukhala panjira maola awiri, tengani. Muuzenso wina kunyumba njira imene mwalowera ndi nthawi yobwerera, chifukwa m'zigwa netiweki imathawa.

Chidendene Chowawa:
Nanga nsapato? Pakufunika zija za mano akuluakulu pansi?

Madala a M'mapiri:
Pakakhala pouma, za pa tala zomwezo zikwana. Za mano zimathandiza pamatope, koma pamatabwa onyowa ndi pamwala wa ndere palibe nsapato imene ingakupulumutse. Chachikulu yang'ana pansi pake. Zambiri zimatha pakati pa makilomita 500 ndi 800, ndipo zikasalala ngati sopo usapite nazo kumtsinje. Maso aziona mamita atatu kapena anayi kutsogolo, osati pa zala, ndipo ukatopa kweza mapazi, chifukwa muzu umakola munthu pobwerera osati popita.

Mbandakucha:
Abale, ndabwera kudzapereka lipoti. Dzulo ndinapempha mnzanga kuti akanditule kumunsi, pamlatho wachiwiri, ndinayamba 6:10 kukungoyera, nkhungu ikadali pamadzi. Wotchi ndinaiika m'thumba la kabudula. Kunena zoona makilomita atatu oyamba ndinkachita manyazi, ndinkaona ngati ndikungodumphadumpha pamalo amodzi, mpaka mayi wina wa galu anandipitirira. Ndinkadziyankhulira monga ananenera madala, ndikuwerenga mayina a ana a mlongo wanga. Pamchenga ndinafupikitsa mapazi, pamatabwa ndinayenda. Pa kilomita ya 6 pali mwala waukulu pakati pa madzi, ndadutsapo kambirimbiri, koma dzulo ndi pamene ndinaona kuti pamakhala ng'azi ikuwothera dzuwa, ndi akakowa awiri chapambali pake.

Nditatembenuka ndinamva ngati wina akundikankha kumsana. Pa 15 paja ndinadikira kuti miyendo iti gwa, koma zii. Ndinamaliza 18 yonse mu 2:01, ndipo makilomita atatu omaliza ndiwo anali othamanga kwambiri, wotsiriza 5:48. Sikelo inati ndatsika kilogalamu 1.1 nditamwa lita imodzi, ndiye kuti masiku aja a theka la lita, dzuwa lili pamutu, ndinkauma ndithu.

Vuto latsopano: mame a muudzu ananyowetsa nsapato pa kilomita yoyamba pomwe, ndipo ndabwerako ndi thuza lalikulu ngati ndalama yachitsulo pansi pa chala chachikulu. Ndiliboole kapena ndilisiye?

Namwino wa 21K:
Ngati mukutha kuponda, lisiyeni, khungu lakelo ndiye bandeji yabwino. Likakhala lothina moti simungavale nsapato, sambitsani ndi sopo, boolani m'mbali ndi singano yoyera bwino, finyani madzi, khungu musalichotse, phimbani. Likafiira mozungulira, kutentha kapena kutuluka mafinya, kuchipatala. Ngati muli ndi shuga musaliboole nokha. Ndipo sokosi za thonje zisiyeni, zimasunga madzi. Pezani za nayiloni kapena poliyesitala, muzipakanso mafuta a Vaseline pa zala musanavale.

Wotchi Siinama:
5:48 pa kilomita ya 18, wotchi ili m'thumba? Loweruka likubwerali munditenge achimwene, ndikaone ndi maso anga. Koma yanga ikhala padzanja.

Madala a M'mapiri:
Mutengeni, koma ayende kumbuyo kwanu mpaka potembenukira. Akakupitirirani musamutsatire, mukamupeza pa 15.